Kompyuta Yoti Mwana Aiwononge

Nkhani imene inakambidwa pamsonkhano wa aphunzitsi a sayansi a m'sukulu za sekondale

Andipatsa mphindi 40. Ndikapitirira, a wapampando mungondikodola, chifukwa fungo la ndiwo lafika kale muno kuchokera kukhitchiniko ndipo sindikufuna kudana ndi anthu pa nkhani ya nsima.

Ndabwera ndi kanthu m'thumba la malaya. Ndi aka. Amene mwakhala kumbuyo mukungoona kachidutswa kobiriwira, kotalika masentimita 8.5, ngati chiphaso cha unzika. Kameneka ndi kompyuta yathunthu, dzina lake Raspberry Pi. Mukakalumikiza ku sikirini, n'kulowetsa kiyibodi ndi mausi, mutha kulemberapo kalata, kuwonkhetsera malikisi a kalasi yonse, ngakhale kuonera kanema. Koma aka ndagwiraka sikangachite chilichonse mwa zimenezi, chifukwa n'kakufa. Kanapsa m'manja mwa mtsikana wa Fomu 2, ine mphunzitsi wake ndili chiimire pambali pake. Kalandireni apo kutsogolo, muzipatsirana mpaka kumbuyo. Musaope kukagwira, palibe chimene mungakachite choposa chimene kanaona kale.

Kakuyenda choncho, ife tilowe kaye m'chipinda china chimene ambirife timachidziwa. Chili ndi chitseko chachitsulo, maloko awiri, ndi mawindo otchingidwa ndi zitsulo. Mkatimo muli makompyuta amene tinalandira kwa akufuna kwabwino, tsiku lija ana anavina mpaka fumbi koboo, mlendo wolemekezeka n'kudula riboni. Lero afunditsidwa nsalu ngati maliro. Makiyi ali ndi ahedi, ndipo ahedi apita kuboma. M'kalasi yoyandikana nacho, mphunzitsi wajambula kompyuta pabolodi ndi choko, ana akukopera m'makope: iyi ndi sikirini, iyi ndi kiyibodi. Mayeso akabwera amakhoza ndithu. Ndaonapo mwana wopeza malikisi apamwamba pa phunziro la makompyuta, dzanja likunjenjemera atauzidwa kuti agwire mausi.

Ahedi amene muli muno musandiyang'ane ndi diso lofiira. Inenso ndikanakhala pampando wanuwo ndikanakhoma chimodzimodzi. Kompyuta imodzi ikawonongeka ofunsidwa ndinu, ndipo ndalama yokonzetsera palibe. Mantha amenewo ndi omveka. Koma mwana yemweyo amene akunjenjemera m'chipinda chija, akafika kwawo ndi mmisiri. Amapinda mawaya n'kupanga galimoto ya chiwongolero chachitali, matayala ake zitsekerero za mabotolo, yokhota bwinobwino pakona. Amamasula tochi, amalumikiza mabatire akutha n'kuyatsa kababu m'gowelo mwake. Palibe anamuphunzitsa zimenezi m'kalasi. Anaphunzira chifukwa waya akapindika molakwika amangomuwongola n'kuyambanso, popanda womulipiritsa. Ndiye funso langa lero ndi limodzi: ilipo kompyuta imene mwana angaiwononge ife osadwala nazo mutu?

Funso limeneli silinayambire kuno. Linayambira ku Cambridge, ku England, kumene makompyuta sasowa. Cha m'ma 2006, Eben Upton, amene ankathandiza kusankha ofuna kuphunzira za makompyuta pa yunivesite ya kumeneko, anaona ndi anzake kuti ofunsira malo akuchepa, ndipo obwerawo akudziwa zochepa poyerekeza ndi akale. A m'ma 1990 ankafika atalemba kale mapulogalamu awoawo kunyumba. A m'ma 2000 ambiri ankangodziwa kugwiritsa ntchito zimene ena analemba.

Chinasintha n'chiyani? M'chaka cha 1981 bungwe loulutsa mawu la BBC linagwirizana ndi kampani ya Acorn, ya ku Cambridge komweko, kupanga kompyuta yotchedwa BBC Micro, imene inalowa m'sukulu zambiri za ku Britain. Makompyuta a nthawi imeneyo ukawayatsa sankakupatsa zithunzi zoti udinepo. Ankangoonetsa kamzere kophethira, kudikira kuti ulembe lamulo. Mwana wofuna masewera ankatha kukopera pulogalamu yonse kuchokera m'magazini, mzere ndi mzere, ndipo akaphonya kachizindikiro kamodzi palibe chinkayenda mpaka apeze pamene walakwitsa. Posakasaka cholakwikacho ndi pamene ankaphunzira. Pofika m'ma 2000 kompyuta ya panyumba inali yamphamvu zedi, koma yodula, yosungiramo zithunzi za banja ndi makalata a kuntchito a makolo. Mwana ankauzidwa zimene timauza athuwa: usakhudze. Kwawoko chitseko chachitsulo chinali pabalaza.

Upton ndi anzake, mmodzi mwa iwo David Braben wodziwika ndi kupanga masewera a pakompyuta, anakhazikitsa bungwe losafuna phindu la Raspberry Pi Foundation. Anayamba ndi kudula mtengo, makina pambuyo. Anati kompyutayo ikhale pa mtengo wa buku limodzi la kusukulu, madola 25, kenako n'kumafunsana kuti pa ndalama imeneyo mungalowe chiyani. Bokosi analisiya, sikirini anaisiya, ndipo m'malo mwa hadi disiki anaikapo memori khadi ngati ya m'kamera. Ubongo wake anatenga wa mtundu wa ARM, womwewo umene ukuyendetsa mafoni ali m'matumba mwanumo, ndipo ARM imeneyi inabadwira ku Acorn komwe kuja m'ma 1980. Raspberry ndi dzina la kachipatso, potsatira mwambo wa makampani akale a makompyuta odzitcha mayina a zipatso monga Apple ndi Apricot. Pi akuchokera ku Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu.

Anayamba kugulitsa pa 29 Febuluwale 2012, mtundu wa Model B, pa madola 35. Gulu loyamba anapanga 10,000. M'mawa womwewo masamba a pa intaneti a makampani awiri ogulitsa, RS Components ndi Farnell, analemedwa mpaka kukanika kuyenda chifukwa cha unyinji wa ofuna kugula. Chaka chisanathe ntchito yopanga inayamba kusamukira ku fakitale ya Sony ku Pencoed, ku Wales. Mu Novembala 2015 anatulutsa Pi Zero ya madola 5, n'kuimata pachikuto cha magazini ya The MagPi: ugule magazini, kompyuta ikhale banyira. Mwezi wotsatira Raspberry Pi ziwiri za mtundu wina zinakwera kupita ku International Space Station, kumene Tim Peake anayendetsa mapulogalamu olembedwa ndi ana a sukulu. Pofika 2024, pamene kampani yake yogulitsa inalowa pamsika wa masheya wa London, anali atagulitsa zoposa 60 miliyoni. Ndinene mosabisa kuti zochuluka mwa zimenezi sizinapite kwa ana. Zinagulidwa ndi makampani n'kuziika m'makina a m'mafakitale ndi m'zikwangwani zamagetsi, ndipo tizipangizo ta makompyuta titasowa padziko lonse mu 2021 ndi 2022, makampaniwo ndiwo ankayamba kulandira, ogula wamba n'kumalipira kawiri katatu kwa mavenda a pa intaneti.

Ife sitikufunika kukwera ndege kuti timvetse zimene Upton anaona. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu posowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku la Using Energy mu kalaibulale kakang'ono, n'kuimika makina opanga magetsi ndi mphepo. Timakonda kukamba nkhani yake ngati ya mwana wa nzeru zachilendo, ndipo nzeru anali nazodi. Koma taonani zida zake: mitengo ya bulugamu, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki, njinga yakutha ndi dainamo yake. Pafupifupi zonse zotola. Akanapatsidwa jenereta yatsopano ya m'katoni, bwenzi akuluakulu atamuuza kuti asakhudze.

Tsopano amene mwagwira kakufako, yang'anani m'mphepete mwake. Muona timano tachitsulo m'mizere iwiri, ngati chipeso. Ndi mapini 40. Mapini amenewa ndiwo amasiyanitsa kanthuka ndi laputopu kapena foni. Foni ndi nyumba yokhoma, umangosuzumira pawindo. Apa pulogalamu imene mwana walemba imatha kutuluka kudzera pa phini, n'kukayatsa babu, kuliza belu kapena kuzungulitsa kamota. Ndipo za kunja, monga kutentha, kuwala kapena kuya kwa madzi, zimatha kulowera pa phini lina n'kusanduka manambala.

Phunziro loyamba m'kalabu yathu ya Lachitatu masana silisintha. Ndimapereka kababu ka LED kamodzi, mawaya awiri, kabolodi kamabowo kobayapo zipangizo kotchedwa breadboard, ndi resistor ya ma ohm 330, ija ya mizere iwiri yaolenji ndi umodzi wabulawuni. Kababuko kali ndi miyendo iwiri, wautali ndi waufupi. Wautali umapita kumene magetsi akuchokera, waufupi kumene akubwerera. Pulogalamu yake mu Python ndi mizere yowerengeka: yatsa, dikira sekondi imodzi, zimitsa, dikiranso, bwereza. Theka la kalasi sikayaka ulendo woyamba. Ena atembenuza miyendo. Ena agwa mumsampha umene aliyense amagwamo, wakuti phini limene pulogalamu imalitcha GPIO 17 si la nambala 17 mukamawerenga ndi chala, koma la nambala 11. Ine sindinena kanthu, ndimangoyendayenda manja kumbuyo. Kenako pakona pena kababu kayamba kuphethira, ndipo phokoso limene limatuluka pamenepo mungaganize kuti timu yawo yagoletsa.

Aphunzitsi a Fizikisi, taonani chimene chabisala m'kaphunziro kameneka. Phini limatulutsa mavolti 3.3. Kababu kofiira kamadya pafupifupi 2. Otsala ndi 1.3, ndipo mukagawa ndi 330 mupeza ma milliamp pafupifupi 4. Ndi lamulo la Ohm lija timawaloweza chaka ndi chaka, koma lero lili ndi chotsatira chake chooneka: ika resistor yaikulu, kababu kazilala, ichotseretu, ungathe kupsereza kababu kapena phinilo. Mnyamata wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti zija za m'buku zimachitikadi?" Ndinaseka, koma usiku wake funsolo silinandigonetse.

Atatopa ndi mababu, ndinawauza kuti ayende pasukulu apeze vuto lenileni. Anabwera ndi nkhani ya thanki. Tili ndi thanki ya madzi pamwamba pa nsanja, ndipo njira yokha yodziwira madzi otsala inali yakuti alonda akwere makwerero, agogode m'mbali n'kumvetsera. Madzi ankatha ana a m'mahositelo ali ndi sopo kumutu, kapena ankasefukira usiku wonse. Tinagula kachipangizo kotchedwa HC-SR04, kokhala ndi timaso tiwiri ngati nkhope ya kadzidzi. Diso limodzi limatulutsa kaphokoso konjenjemera ka 40,000 pa sekondi, kamene khutu la munthu silimva, ndipo linalo limamvetsera kuti kabwerera liti. Mleme umayenda usiku ndi nzeru yomweyi. Tikaika kachipangizoka pansi pa chivindikiro cha thanki, koyang'ana kumadzi, kompyuta imawerenga nthawi imene phokosolo latenga.

Tinayesera kaye m'kalasi, kulozetsa kukhoma limene tinaliyeza ndi tepi kuti lili pa mita imodzi. Nthawi inatuluka pafupifupi masekondi 0.006. Ana anachulukitsa ndi 343, mamita amene phokoso limayenda pa sekondi mumpweya, ndipo anapeza mamita awiri ndi pang'ono. Anayezanso khoma, mita imodzi. Anati kachipangizoko n'kabodza, n'ka ku China, tabetsa ndalama. Panatha pafupifupi mphindi 20 akukangana, mpaka mtsikana wina amene sankayankhula kawirikawiri ananena chapansipansi kuti, "Koma mawuwo apita n'kubweranso." Kugawa ndi 2, yankho linakhala mita imodzi ndi masentimita atatu. Ndikanawauza poyamba bwenzi titasunga mphindi 20, koma bwenzi ataiwala pofika Lachisanu.

Panali vuto lina. Kachipangizoka kamayankha ndi mavolti 5, pamene mapini a Raspberry Pi amalandira 3.3 basi. Mankhwala ake ndi ma resistor awiri otsatizana, ya ma ohm 1,000 ndi ya 2,000, n'kutengera uthengawo pakati pawo, pamene mavolti 5 aja agawika n'kutsala 3.3. Mtsikana yemwe uja ndiye anafuna kutsimikiza ndi mita yoyezera magetsi kuti zilidi choncho. Anachita bwino kufuna kuyeza. Koma phini loyamba, la mavolti 3.3, ndi lachiwiri, la mavolti 5, ndi oyandikana ngati mano akutsogolo. Kansonga ka mita kanaterereka n'kukhudza onse awiri nthawi imodzi. Sipanatuluke utsi, sipanamveke kuphulika. Sikirini inangoda bii. Tinazula chaja, tinabwezeretsa, tinasintha khadi, koma kanali katapita.

M'chipindamo munati zii. Mwanayo anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge, ndipo mawu oyamba amene anatulutsa anali akuti, "Aphunzitsi, makolo anga alipira zingati?" Ndisakunamizeni kuti ndinali mngelo. Kakompyutako ndinagula ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndinakadikira miyezi iwiri, ndipo mawu amene anafika pakhosi panga sanali oyenera kuwanena pamsonkhano ngati uno. Chinandigwira ndi maso a enawo. Onse anali atabweza manja kumbuyo, kutalikirana ndi mawaya, ndipo ndinaona kuti ndikakalipa kamodzi kokha, chipinda changa chisanduka chija cha maloko awiri. Ndinamuuza kuti salipira kalikonse, koma alembe papepala lalikulu chimene chachitika, ajambule mapini awiriwo, tipachike pakhoma. Pepalalo likadalipo. Pansi pake anawonjezera yekha lamulo lakuti munthu azule chaja asanagwire waya aliyense, ndipo anadula kachikopa ka waya n'kuveka mapini a mavolti 5 amene sakugwira ntchito. Kuyambira pamenepo palibe gulu limayatsa kanthu iye asanaone malumikizidwe ake. Kakanakhala ka madola 600, sindikhulupirira kuti ndikanatha kumeza mawu aja.

Walira mvula walira matope, ndiye ndikuuzeni matope ake musanathamangire kwa ahedi ndi pempho. Madola 35 aja anali a kabolodi kokha. Pamafunika chaja, memori khadi, kiyibodi, mausi ndi sikirini. Masikirini akale amene ali m'masitolo a sukulu zathu ambiri ndi a VGA, pamene aka kamatulutsa HDMI, ndiye pafunikanso kolumikizira. Muikepo mtengo wotumizira, msonkho, ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene tinakonza kugula zisanu tinagula zitatu. Chaja musatole ya pamsika yongooneka bwino. Pi 3 imafuna mavolti 5 ndi ma amp 2.5, Pi 4 imafuna ma amp 3, ndipo chaja yofooka imachititsa kuti pakona ya sikirini patuluke chenjezo, kompyuta iziyenda mwaulesi kapena kuzima yokha, inu n'kumaganiza kuti mwalodzedwa.

Kuthimathima kwa magetsi kuli ndi mavuto ake awiri. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba pa khadi, khadiyo imatha kusokonekera mpaka osayakanso. Sungani khadi yachiwiri yokopera zonse, mu enivelopu, m'kabati. Lachiwiri ndi loseketsa: mitundu yonse isanafike Pi 5 ya 2023 ilibe wotchi yakeyake, imafunsa nthawi pa intaneti. Kopanda intaneti, ikazima n'kuyakanso imapitiriza pamene inalekera ngati munthu wodzuka kutulo. Manambala athu a thanki a sabata yoyamba anaonetsa kuti madzi anatha 3 koloko usiku, pamene anatha masana dzuwa likuswa mtengo. Kawotchi kapadera kokhala ndi kabatire kozungulira kanathetsa nkhaniyo. Ubwino wake n'ngwakuti kanthuka kamadya magetsi ochepa, mawati asanu kapena cha pomwepo, kotero batire ya sola ya mavolti 12 ndi kachaja ka m'galimoto kabwino zimakayendetsa tsiku lonse. Za fumbi, nyerere ndi chinyontho sinditaya nazo nthawi. Kadzidzi wathu woyamba anachita dzimbiri m'thankimo pasanathe teremu, tinagula mtundu wosalowa madzi.

Ndinenenso chimene ogulitsa sangakuuzeni. Ngati cholinga chanu ndi chakuti ana aphunzire kutaipa ndi kulemba makalata, laputopu yakaunjika ikhoza kukuthandizani bwino, chifukwa imabwera ndi sikirini, kiyibodi ndi batire yake. Ndipo pa ntchito ngati ya thanki ija, kompyuta yathunthu ndi kupha nyerere ndi nkhwangwa. Pali tina tating'ono kwambiri: Arduino, imene inayambira ku Ivrea ku Italy mu 2005, ndi Raspberry Pi Pico ya madola 4 imene inatuluka mu Januwale 2021. Timeneti timangoyendetsa pulogalamu imodzi mobwerezabwereza, tilibe khadi yoti isokonekere, magetsi akabwera timangoyambiranso. Thanki yathu lero ikuyendetsedwa ndi Pico. Mutandipatsa ndalama ya makompyuta aakulu awiri, ndingagule Raspberry Pi ziwiri kapena zitatu zolemberapo mapulogalamu, yotsalayo ma Pico, mawaya ndi mababu odzaza chitini.

Ena mwamvapo za laibulale yopanda intaneti. N'zoona, ndipo imagwira ntchito. Mumaika Kiwix, Kolibri kapena RACHEL pa khadi yaikulu, Raspberry Pi n'kumaulutsa Wi-Fi yakeyake, ndipo aliyense wokhala ndi foni kapena laputopu pafupi amawerenga Wikipedia ndi kuonera maphunziro popanda kugula bandulo. Za m'Chichewa n'zochepa kwambiri mmenemo, ndiye muziikamo manotsi anu ndi mapepala a mayeso akale. Ndi chinthu chabwino, koma ndi laibulale. Mwana akuwerenga, sakupanga. Ngati mukufuna ziwiri zonsezi, apatseni ana a kalabu kuti aiike okha ndi kumaikonza ikavuta.

Mantha anga aakulu ndi akuti tingatuluke muno n'kukagula timakompyuta 50, kuvina, kudula riboni, n'kutitsekera m'chipinda chija. Zoterezi zinachitikapo pa mlingo waukulu. Mu 2005 Nicholas Negroponte analengeza za One Laptop per Child, laputopu ya madola 100 ya mwana aliyense wa m'mayiko osauka. Dziko la Peru linagula zikwi mazanamazana. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti ana anazoloweradi makinawo, koma pa masamu ndi chiyankhulo malikisi sanakwere. Katundu anafika, koma kaphunzitsidwe m'kalasi kanatsala mmene kanalili. Mphunzitsi amene sanayatsepo kababu ndi manja ake sangalole mwana kuyesa, chifukwa akafunsidwa funso adzachita manyazi. Inenso ndinayamba ndi manyazi omwewo. Fizikisi ndinaiphunzira bwino, koma Python ndinaiphunzirira limodzi ndi ana, ndipo kangapo konse wa Fomu 3 wandikonzera pulogalamu kalasi yonse ikuona. Tsiku loyamba zimawawa. Pambuyo pake umazindikira kuti wapeza wothandizira waulere.

Chinthu china muchiyang'anire. Mukangoika zipangizo pathebulo, anyamata amalumphira kiyibodi ndi mawaya, atsikana n'kupatsidwa kope kuti azilemba zotsatira. Zimachitika mwakachetechete, popanda wolamula. Ife timaliza belu mphindi khumi zilizonse, wolemba apite pa mawaya, wa mawaya apite pa kiyibodi. Poyamba anyamata ankanyinyirika. Anasiya ataona kuti woyendera malumikizidwe awo ndi mtsikana, ndipo sanyengerera.

Kwa inu ahedi ndi a makomiti a sukulu, pempho langa ndi ili. Mukagula zisanu, lembani m'buku kuti imodzi ndi yakufa kale, kuti tsiku lidzapse pasadzakhale mlandu. Makiyi a kabati asungidwe ndi mphunzitsi wa kalabu pamodzi ndi ophunzira awiri osankhidwa ndi anzawo. Ntchito yoti apange ichokere pa vuto la pamalopo: belu la sukulu lolira lokha, choyezera kutentha m'bokosi loswetsera mazira, nyale ya kuchimbudzi yoyaka munthu akalowa. Malire ndi amodzi okha, ndipo pamenepa sindiseka: magetsi a pakhoma, a mavolti 230, ana asawakhudze. Mavolti 5 amapha kabolodi, 230 amapha munthu. Pofunika kuyatsa pampu kapena babu lalikulu, ana amalize mbali yawo ya mavolti ochepa, kwinako aitanidwe mmisiri wa zamagetsi.

Thanki ija tsopano ili ndi mababu atatu pakhomo la khitchini, lobiriwira, lachikasu ndi lofiira. Alonda anasiya kukwera makwerero, ngakhale mwezi woyamba ankakwerabe usiku kukagogoda, kuti aone ngati anawo sakunama. Mtsikana uja ali Fomu 4, ndipo wandiuza kuti lofiira limafulumira kuyaka m'miyezi yotentha; akuganiza kuti n'chifukwa choti phokoso limathamanga kwambiri mumpweya wotentha pamene pulogalamu yathu imangodziwa 343. Ine ndikuganiza kuti akanakhala zimenezo kusiyanako kukanakhala kochepa ndiponso kolowera kwina, ndipo ndi ana okha akusamba kawiri. Tagwirizana kuti aike choyezera kutentha m'thankimo tione wolondola.

Pathebulo la kumbuyoko ndayala zamoyo zinayi, mababu, mawaya ndi ma resistor. Tikatha kudya bwerani awiriawiri, aliyense ayatse kababu kake asanakwere minibasi. Muzule kaye chaja musanagwire waya, ndipo phini la GPIO 17 ndi la nambala 11. Kakufa kaja kafika kwa ndani? Amayi a chitenje chabuluu, mukatha kukaona mundibwezere.